Mafuta a Tsiku Lanu

Germiston, 5 Febuluwale 2023

Okondedwa amake Thoko,

Choyamba ndifunse za moyo wanu ndi wa mlendo amene mwanyamulayo. Miyendo ikutupabe? Nanga Thoko ndi amayi ali bwanji? Ine ndinafika bwino, kungoti basi inandiphwanya msana, ndipo kuno anthu sapatsana moni pamsewu. Tsiku loyamba ndinapereka moni kwa anthu angapo, onse anandiyang'ana ngati ndikufuna kuwabera.

Ntchito ndaipeza monga anandilonjezera Yassin, mnzanga wa golosale ku Chamama uja, ndipo tikugona chipinda chimodzi. Ntchitoyi ndi ya pagalaja yoika mathanki achiwiri m'magalimoto a anthu olemera opita kutchire kukaona nyama. Sekani ndithu. Ndathawa thanki ku Wimbe, ndadzapeza mathanki ku Joni.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa za pa foni zimauluka, pomwe izi ndikufuna muziwerengere achimwene anu a Grey, popeza ndi amene ndawasiyira pikapu yathu. Inde, Nachisale, mkazi mnzanu uja mumati ndimamusisita kuposa inu. Thanki imene ndinaotcherera kumbuyo kwake ndisananyamuke ili ndi dizilo malita 80. Amenewo si mafuta a kuchigayo kapena a kumsika, ndi mafuta a tsiku lanu. Anamwino ananenetsa kuti popeza Thoko anabadwa pa opaleshoni, ulendo uno mukachirire ku chipatala cha ku Boma, ndipo mukudziwa nokha mmene mafuta akusowera. Sindikufuna tsikulo lidzakupezeni a Grey ali pamzere ndi chigubu.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Thanki yachiwiriyi ili pamwamba, yoyamba ili pansi, ndiye mafuta amatsika okha ndi paipi. Kunsi kwake, mbali ya dalaivala, kuli kampopi kofiira. Chogwirira chake chikapingasa paipi ndiye kuti katsekeka, chikagona motsata paipi ndiye kuti katseguka. Atsegule pokhapokha kamuvi ka geji katatsika kufika pa kota. Akatsegula yoyamba ili yodzaza isefukira, mafuta angothera m'fumbi. Tsiku lina ayeseko kamodzi kuti dzanja lizolowere, akatero adzazenso.

Ndikalandira malipiro oyamba nditumiza ya aganyu othyola fodya. Inu musamawerame m'munda, pali anthu. Denga la chigafa cha kumadzulo lija likudontha, aliike udzu mvula isanaononge masamba.

Ndine mwamuna wanu,
Kalekeni


Germiston, 9 Malichi 2023

Okondedwa amake Thoko,

Kalata yanu ndailandira kwa kondakitala wa basi, pamodzi ndi mtedza. Yassin wadya theka, akuti ndi msonkho wa chipinda. Ndakondwa kumva kuti mwana akugunda. Ine ndili bwino, chifuwa chokha, kuno kuli fumbi lachilendo.

Nkhani ya Nachisale kukomoka padambo yandiseketsa ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi. A Grey ndinati atsegule pa kota, iwo anadikira thanki yoyamba iume gwa, n'kuyamba kufunafuna kampopi. Injini ya dizilo ikayamwa mpweya siliranso, ngakhale muikankhe mpaka ku Mtunthama. Ndiye mwati anakankhitsa anyamata a mpira timu yonse? Awerengereni izi pang'onopang'ono, asakwiye.

Zikachitikanso, atsegule kampopi n'kudikira mafuta atsike. Kenako atsegule boneti. Pamwamba pa sefa ya mafuta pali kabatani kakuda kozungulira, pambali pake pali kanati. Kanatiko akamasule pang'ono ndi sipanala ya teni, asakachotse, kangagwere m'fumbi. Azidina kabataniko ndi chikhatho. Poyamba pazituluka thovu, apitirize mpaka patuluke dizilo yekha. Akatero amange kanati, alize injini. Ikakana, abwereze. Sabata iliyonse azimasulanso kunsi kwa sefa kuti madzi atuluke, chifukwa dizilo wa mavenda wa m'zigubu uja theka ndi wa pachitsime. Wa mavendayo asathire ndi dontho lomwe mu thanki yanu.

Ndatumiza marandi 1,500 ndi sefa yatsopano. Choyamba abwezeretse mafuta amene anayesera, yotsala ndi ya aganyu ndi nsapato za Thoko. Musaone ngati ndaumira. Kuno chipinda chokha chikudya pafupifupi theka la zimene ndimapeza, ndipo magetsi akazima timagula makandulo ngati kwathu komwe.

Masana musamavutike kuimba. Bwana wathu ali ndi bokosi lachitsulo. M'mawa tonse timaponyamo mafoni, iye n'kukhoma, amatsegula poweruka. Akuti foni imaba ntchito. Ndinayesa kumuuza kuti mkazi wanga ndi woyembekezera, anandifunsa ngati ndine mzamba. Ndinangoseka nawo, nanga n'kutani.

Mupereke moni kwa amayi. Muwauze kuti mankhwala a mawondo ndikuwafunafuna.

Kalekeni


Germiston, 16 Epulo 2023

Okondedwa amake Thoko,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndiliko.

Za maliro a bambo ake a Dorika, anansi athu, zandikhudza. Anali munthu wabwino, ndi amene anandiphunzitsa kumanga belo ndi jeke. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi chimene mwalemba chija, kuti akuluakulu a mpingo anabwera kudzapempha dizilo wa mu thanki yanu kuti akatenge thupi ku Boma, inu n'kukana monga ndinakuuzani, mpaka anakalitenga pa ngolo. Mwati pamaliro amayi anzanu amakupatsani nkhongo, ndipo wina ananena mokweza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikudziwa kuti kwathu maliro sakanizidwa kanthu. Ndakusenzetsani katundu wolemera, ine ndili kutali kumene mawuwo sandifika. Pepani. Komabe sindisintha. Wakufa angathe kudikira ngolo, inu pa tsiku lanu simungadikire. Akafuna wonena, anene ine. Muziwauza kuti mwamuna wanga ndi wouma mtima, analetsa.

Popeza tsopano mudzi wonse wadziwa kuti muli mafuta, ndatumiza loko. A Grey akhome chotsekera cha pamwamba pa thanki, pothirira paja. Kiyi mumusunge inu m'chitini cha singano pamwamba pa kabati. Si kuti sindikhulupirira a Grey, koma ndi ofewa mtima, munthu akawalirira amavula ndi malaya omwe.

Kuno Lamlungu lathali sitinapite kutchalitchi. Kunali anthu ena oyenda m'misewu akuimba nyimbo, akugogoda m'makomo kufunsa mapepala. Tinazimitsa wailesi n'kukhala chete mpaka anadutsa. Masiku a mu pasipoti yanga anatha kale, koma zimenezo ndi za ambiri kuno, musazitengere kumtima. Amayi musawauze.

Fodya wauma bwanji? Posankha, wofiira asasakanize ndi wachikasu chifukwa chothamangira msika. Inu muzikhala pampando, osati pamphasa, msana ungakupwetekeni.

Ndine wanu,
Kalekeni


Germiston, 14 Meyi 2023

Amake Thoko,

Moni nonse. Ndayamba ndi mkwiyo, mundikhululukire. Zilembo zikupindika chifukwa dzanja lamanja ndinapsa pang'ono pootcherera, likupola.

Mabelo awiri kubwezedwa kumsika wa fodya ku Chinkhoma ati akununkha dizilo! Fodya amene munasoka ndi mimba yanuyo, amene anaumira m'chigafa mwezi wathunthu osagwidwa ndi nkhungu, akanunkhe dizilo pa ulendo wa tsiku limodzi? Fodya amayamwa fungo ngati chinkhupule, mwana aliyense wa ku Kasungu amadziwa. Ine ndikuti ndi zigubu za mavenda zimene a Grey amaponya kumbuyo pamodzi ndi mabelo. Mwalemba kuti iwo akukana, akuti zigubu amaika kutsogolo. Chabwino, sindinalipo. Koma atsuke kumbuyo konse ndi sopo wa ufa, ayale lona, ndipo mabelo obwezedwawo muwamasule apitidwe mphepo pamthunzi. Mwina angagulidwe pa mtengo wotsika.

Musawakalipire kwambiri. Ndikudziwa kuti akugona pamzere wa mafuta usiku ndi usana kuti fodya wathu ndi wa anthu ena afike kumsika, ndipo thanki yanu sanaikhudze. Pamenepo ndawavulira chipewa.

Tsopano mverani. Anamwino anati ndi kumayambiriro kwa Julayi. Ine ndikuti mwezi wa Juni ukangoyamba, nyamukani ndi amayi mukakhale ku chidikiro ku Boma. Thoko akhale kwa a Grey. Ndikudziwa mukana, mudzati kuchidikiro n'kogona pansi, ndiponso fodya asankha ndani. Asankhe aganyu, ngakhale asakanize. Ndatumiza marandi 1,200 ya ufa, makala ndi zitenje za kumeneko.

Ndinafuna kubwera ndekha, koma ndikatuluka pachipata cha m'malire ndi pasipoti yotere andidinda chidindo choletsa kubwerera, ndiye feteleza wa chaka chamawa achokera kuti? Ndimaganiza zimenezi mpaka mutu kuwawa. Kuno kwayamba kuzizira koopsa. Yassin wadwala, akutsokomola, ndikumuphikira phala.

Kalekeni


Germiston, 4 Juni 2023

Okondedwa amake Thoko,

Ndasangalala ndi kalata yanu. Ndili bwino, dzanja lapola, Yassin wadzuka.

Mwati a Grey apeza kumene fungo limachokera ndipo akonza okha, mabelo anayi adutsa popanda chovuta. Muwathokoze kwambiri, muwauzenso kuti ndabweza mawu anga a zigubu aja. Simunalembe kuti anachita chiyani, koma mlamu wanga mutu ulipo, akadzatopa ndi ulimi ndidzamutengera kuno.

Chimene sindinakondwe nacho n'chakuti mukadali pakhomo. Mwati mutsirize kaye kusankha fodya wotsala, sabata ziwiri zokha. Amake Thoko, chakudza sichiimba ng'oma. Ndikukupemphani, osati kukulamulani. Pitani.

Mwati pomwetsera mafuta ponse mpouma, ndipo thanki yoyamba ya Nachisale ikungokhala pansi pa kota. Musaope, n'chifukwa chake tinasunga yachiwiri. A Grey akumbukire kutsegula kampopi asananyamuke pakhomo.

Ndakusowani kwambiri. Usiku ndimayala bulangeti lanu lija pamwamba pa langa.

Kalekeni


Germiston, 22 Juni 2023

Amake Thoko,

Sindikudziwa poyambira. Ndifunse kuti muli bwanji, pamene ndikudziwa kuti mwagona m'chipatala ndi bala pamimba, manja ali opanda kanthu? Amayi andiuza pa foni kuti mwayamba kumwa phala ndipo madokotala akuti inu mwapulumuka. Ndathokoza Mulungu pa chimenecho. Pa chinacho sindinapeze mawu oti ndimuuze.

Lachisanu lija ndinali pansi pa galimoto ya munthu wina tsiku lonse. Poweruka bwana atatsegula bokosi, foni yanga inali yodzaza ndi nambala ya a Grey. Anayamba kuimba dzuwa lili paliwombo. Pamene ndimawaimbira n'kuti muli kale m'chipinda cha opaleshoni, iwo akungolira.

Zimene ndamva n'zoduladula. Akuti matenda anakuyambani m'mawa muli m'chigafa, magazi n'kuyamba kutuluka. Akuti a Grey anatsegula kampopi pakhomo monga ndinanenera, munanyamuka bwino, koma Nachisale anazima pakati pa minda, kutali ndi tala, kopanda nyumba pafupi. Akuti anadina kabatani ka pa sefa mpaka chikhatho kutupa, thovu lokhalokha. Munakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, amayi atakugonekani pamiyendo pawo. Ndipo adokotala akuti mukanafika msanga mwana akanamupeza wamoyo.

Chimene sindikumvetsa ndi ichi: thanki inali yodzaza. Ndinaiotcherera ndekha, paipi ndinagula yatsopano, kampopi kanagwira ntchito mu Malichi. Mafuta akanika bwanji kutsika kuchokera pamwamba kupita pansi? Ndajambula thankiyo papepala kangapo, ndafunsa anzanga kugalaja mosatchula kuti ndi yanga. A Grey sakuyankhanso foni. Muwauze kuti sindikufuna kuwazenga mlandu, ndikungofuna kudziwa.

Ndinapita kwa bwana kukapempha kuti ndibwere. Anati chipata n'chotsegula, koma malo anga sadikira munthu. Ndinalongedza chikwama usiku womwewo. Amayi ndi amene andiletsa, akuti palibe maliro oti ndibwerere, zonse zinatha tsiku lomwelo, ndipo inu mufunika ndalama ya mankhwala kuposa nkhope yanga. Kaya alondola, kaya. Chikwamacho sindinamasule.

Ndatumiza zonse zimene ndinali nazo.

Kalekeni


Germiston, 9 Julayi 2023

Fainala wanga,

Ndamva kuti mwatuluka m'chipatala ndipo mukuyenda pang'onopang'ono pakhomo. Musanyamule kanthu, ngakhale ndowa yopanda madzi. Thoko akafunsa za mwana, mumuuze zimene mungathe. Ine thupi lili bwino.

A Grey andiimbira dzulo. Anayamba ndi kunena kuti, “Alamu, mwana wanu ndapha ndine.” Ndinawauza kuti akhale pansi afotokoze bwinobwino. Ndikulemberani monga anandiuzira, chifukwa akuti inu akulephera kukuyang'anani m'maso.

Pamwamba pa thanki, kuseri kwa kabini, pali kapaipi kakang'ono kopindika. Ndi kopumira. Mafuta akamatsika, mpweya umalowera pamenepo. Mukudziwa mmene chigubu chimachitira mukachizondotsa, madzi amatuluka modukiza mpaka mpweya ulowe. Thanki yotsekedwa ponseponse ndiye imangogwira mafuta ake osatulutsa. Dzuwa likatentha, thanki yodzaza imatulutsira fungo pa kapaipi kameneko, nthawi zina ndi timadontho, ndipo mabelo amatsamira pomwepo. A Grey ananunkhiza galimoto yonse mpaka anakapeza. Anasema chitsononkho n'kutsekapo, anakulunga jumbo, n'kumanga ndi mphira ya chubu. Fungo linatha, fodya anadutsa, ine ndili kuno n'kuwatumizira mathokozo.

Tsiku lija atatsegula kampopi panatsika mafuta ochepa chabe, kenako zii. Iwo anaona ngati ndi mpweya wa mu injini wa mu Malichi uja, ndiye anachita zonse zimene ndinawalembera, mobwerezabwereza. Anaganiza zotsegula pothirira kuti apope ndi paipi, koma panali loko wanga, kiyi ali m'chitini kunyumba. Akuti anazengereza kuswa chifukwa ndinanenetsa kuti pasakhudzidwe. Amayi atakuwa kuti mwasiya kuyankha, m'pamene anatenga chitsulo cha jeke n'kuphwanya. Akuti chotsekera chitangotseguka thanki inapuma ngati munthu, mafuta n'kuyamba kutsika okha.

Ndawauza a Grey, ndipo ndikuuzani inunso kuti mukawabwerezere: anachita chimene mlimi wa fodya aliyense akanachita. Ine ndinalemba za kampopi, za sefa, za kanati ndi sipanala yake, koma kapaipi kaja sindinakatchule, chifukwa sikafuna dzanja la munthu. Madzi akatayika saoleka. Asabweze makiyi a galimoto monga akunenera, ndipo asasiye kubwera pakhomo, Thoko amawakonda. Chitsononkhocho achotse. Mafuta otsalawo mupatse aliyense amene adzagogode ndi wodwala, ndipo pasaikidwenso loko.

Chatsala ndi chimodzi. Amayi andifotokozera mwambo, ngati kuti sindinakulire komweko. Akuti mwana wobadwa atafa kale ndi mtayo, amakaika amayi achikulire okha, mwamuna sapondako, palibe nyimbo, palibe dzina. Akuti tisalire, tingatseke njira ya obwera m'mbuyo. Ndinayankha kuti ndamva, amayi. Ndikudziwa kuti inunso akuletsani, ndipo mukumeza misozi pamaso pa anthu.

Ine ndalephera, Fainala. Kuno kulibe wodziwa mwambo umenewo. Lamlungu ndinakhala kuseri kwa chipinda chathu, pamene timayanika zovala, ndinalira mokweza mpaka mayi wina wa nyumba yoyandikana, amene sitimvana chiyankhulo, anabwera n'kukhala pambali panga. Amayi musawauze.

Aliyense amene ndayankhula naye akungoti “zinachitikazo”. Palibe wandiuza ngati anali wamwamuna kapena wamkazi, ndipo ine ndikuopa kufunsa amayi. Kodi inu anakuonetsani asanapite naye? Ngati munamuona, ndilembereni, ngakhale mzere umodzi wokha. Ndiuzeni kuti anafanana ndi yani.

Ndine mwamuna wanu,
Kalekeni